Maloto a Agogo, Mthunzi wa Amalume

Laciwiri lililonse usiku, nkhani zikatha pawailesi yathu, ndimakhala ndi ola limodzi loceza ndi omvera za maloto. Pulogalamuyi idayamba ngati masewera. Tinkafuna cinthu coti anthu aziseka akatha kudya nsima ya madzulo. Wina walota akuuluka, wina mano akuguluka, wina ali pakati pa msika wa ku Ulongwe wopanda malaya. Koma usiku wina m'dzinja adaimba foni bambo wina wa cakumalire, mawu ake akunjenjemera.

"Acimwene, ndalota katatu konse azakhali anga akundipatsa nyama usiku. Mwana wanga ali gone, thupi latentha. Mawa ine ndi anyamata tikupita kukawafunsa bwino."

Tonse tikudziwa tanthauzo la kukafunsa bwino, wofunsidwayo akakhala nkhalamba yokhala yokha. Ndidamuuza bamboyo kuti asadule, ndidaika nyimbo, ndipo nyimbo ili mkati ndidamupempha zinthu ziwiri. Coyamba, kukaca athamangire ndi mwanayo kucipatala. Caciwiri, asapite kwa azakhaliwo mpaka titalankhulananso. Iye adangoti "tiona," n'kudula.

Usiku umenewo sindidapeze tulo. Sindikadamuuza kuti maloto n'cabe, pakuti ine ndemwe ndili moyo lero cifukwa ca maloto. Sindikadamuvomerezanso kuti maloto ake agwira mfiti. Zimene ndikulemba panozi ndi zimene zinkazungulira m'mutu mwanga mpaka tambala woyamba.

M'caka ca 1986 ndidali ndi zaka 6. Tinkakhala m'mudzi wina kumunsi kwa phiri la Domwe, ndipo nkhondo tinkangoimva ngati mabingu a kutali. M'mawa wina agogo anga, obala amayi, adadzuka osagwira tsace. Adakhala pakhonde n'kufotokoza kuti alota madzi akutsika m'phiri, ofiira ngati otsukira nyama ya mbuzi, akulowa m'minda ya cimanga, nkhokwe zikuyandama ngati zikho. Patapita masiku adalotanso zomwezo. Abambo a m'mudzi adaseka, amvekere gogo wagona ndi masese m'mutu. Akatekisiti adawalangiza kuti apemphere, aiwale. Agogo adapemphera koma sadaiwale. Adamanga ufa, mcere ndi nyemba m'nsalu, mtolowo n'kuuika kuseri kwa citseko, ndipo ife ana tidayamba kugona titavala.

Usiku umene mfuti zidalira kumtunda kwa mudzi, anzathu adataya nthawi kufufuza ana ndi zonyamula mumdima. Ife n'kuti titalowa kale m'chire. Tidayenda usiku wonse kulowera ku Dedza. Miyendo yanga itakana, amalume anga, amene panthawiyo adali mnyamata wosakwatira, adandinyamula paphewa mpaka dzuwa litatuluka. Ndimakumbukirabe fungo la thukuta lawo ndi mmene ankandigwirira mu akakolo kuti ndisagwe. Tidakhala ena mwa anthu a ku Moçambique oposa miliyoni imodzi amene adathawira ku Malawi m'zaka zimenezo.

Nkhaniyi ndaikamba kambirimbiri ndipo anthu amaikonda. Koma ili ndi mbali ina imene ndinkaidumpha. Agogo omwewo adalotanso kuti ine ndidzakhala wansembe, koma onani lero ndili pawailesi, mkazi ndi ana ali kunyumba. Caka cina adalota njala, koma nkhokwe zidadzaza mpaka kudenga. Timakumbuka maloto amene adakwaniritsidwa, enawo timawapeta ngati madeya. Komanso zizindikiro za nkhondo zidalipo kale. Kunkadutsa anthu acilendo mitolo ili pamutu, magalimoto adasowa pamsewu wa ku Tete, akuluakulu ankatsitsa mawu ana tikayandikira. Mwina mtima wa agogo udasonkhanitsa zimene maso adaona koma pakamwa pankaopa kunena, n'kuzibweza usiku ngati madzi ofiira.

Palinso funso limene agogo adapita nalo kumanda. Banja loyandikana nafe, anthu opemphera kuposa ife, silidafike kumalire. Agogo ankafunsa kuti, "Ngati Mulungu adandionetsa ine, adalekeranji kuwaonetsa iwo?" Palibe adawayankha.

Patapita zaka zambiri, aphunzitsi anga akale a Cipwitikizi, atapuma nchito, adandibwereka buku long'ambika cikuto, dzina lake Memórias, Sonhos, Reflexões. Ndi mbiri ya moyo wa Carl Gustav Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Suíça, amene adabadwa mu 1875 n'kumwalira mu 1961. Ndinkaliwerenga pang'onopang'ono, dikishonale ili pambali. Nditafika pa zimene zidamucitikira mu 1913, thupi lidacita tsemwe.

M'mwezi wa Okutobala caka cimeneco, Jung ali m'sitima ya pamtunda, ali maso ndithu, adaona cigumula cikumiza maiko a ku Ulaya kuyambira kunyanja ya kumpoto mpaka kumapiri a Alpes. Adaona mitembo yosawerengeka ikuyandama, kenaka madzi onsewo adasanduka magazi. Patatha masabata awiri masomphenyawo adabweranso. Pokhala munthu amene adagwirapo nchito zaka zingapo pacipatala ca amisala ca Burghölzli ku Zürich, iye adaganiza kuti misala yayamba kumugwira. Pofika Ogasiti 1914, Ulaya adali pa nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse. Nkhondo imeneyo idafika ngakhale m'dziko lathu lino, pamene asilikali a Jeremani adawoloka Rovuma mu 1917.

Ndidatseka bukulo n'kukhala cete. Gogo wosadziwa kulemba dzina lake ndi dokotala wa mabuku ambiri adaona madzi amodzimodzi, ndipo onse awiri adakayikiridwa mutu, wina ndi abambo a m'mudzi, wina ndi iye mwini.

Cimene cidandikoka kwambiri ndi zimene Jung adacita pambuyo pake. Sadathawe zimene ankaonazo. Kwa zaka pafupifupi 16 ankazilemba ndi kuzijambula m'buku lalikulu la cikopa cofiira, limene anthu adaliona litasindikizidwa mu 2009, mwiniwake atamwalira kalekale. Anthu amene ankamuonekera m'masomphenyawo ankawafunsa mafunso, nthawi zina n'kutsutsana nawo, monga mmene mfumu yanzeru imacitira ndi mlendo wobwera ndi uthenga. Koma kukaca ankaona odwala ake, ankadya ndi mkazi wake ndi ana awo asanu. Iye mwini adanena kuti banja ndi nchito ndizo zidamugwira kuti madziwo asamukokolole.

Ciphunzitso cake ndikacifotokoza m'mawu athu cili motere. Maganizo amene timawadziwa ali ngati madzi apamwamba pa citsime, amene timatunga ndi cikho. Pansi pake pali madzi akuya amene sitiwaona, koma ndiwo amadzaza citsimeco. M'menemo muli zonse zimene tidaiwala, zimene tidakana kuziona, ndiponso zithunzi zakalekale zimene anthu a mitundu yonse amabadwa nazo, monga njoka, cigumula, nkhalamba yanzeru, mayi wodyetsa ndi mayi womeza. Kumeneko Acipwitikizi amakuchula kuti inconsciente. Sigmund Freud wa ku Viena, amene adali mnzake wamkulu mpaka pamene adapatukana mu 1913, ankati maloto amabisa zilakolako zimene timacita nazo manyazi. Jung adati ayi, maloto sabisa kanthu, amangolankhula m'miyambi, ndipo kawirikawiri amatibweretsera cimene tikucinyalanyaza masana. Adaonjezanso cinthu cimene ndikadakonda kuti cilembedwe pakhomo la mfumu iliyonse. Munthu amene wamulota, nthawi zambiri si iyeyo amene wabwera. Ndi mbali ina ya iwe mwini imene yabwereka nkhope yake.

Mu 1925 Jung adabwera kuno ku Africa. Adakhala masabata angapo m'mphepete mwa phiri la Elgon, pamalire a Kenya ndi Uganda, pakati pa anthu a m'malire ngati ife. Kumeneko adamva kuti anthu amasiyanitsa maloto aang'ono a munthu aliyense ndi maloto aakulu okhudza mtundu wonse. Sing'anga wina wokalamba adamuuza, misozi ili m'maso, kuti kale asing'anga ankalota n'kudziwa za nkhondo, matenda, mvula ndi kumene ng'ombe zingapeze msipu, koma cibwerere Angelezi palibenso amene amalota, poti tsopano zonse akudziwa ndi Angelezi.

Mawu a nkhalamba imeneyo amandipweteka, cifukwa ifenso maloto athu tidawapereka. Masiku ano munthu akalota safunsanso mtima wake kapena akuluakulu a pabanja. Amanyamula ndalama, kaya ndi mametikali kaya ndi makwaca, n'kupita kwa womasulira amene amadya za maloto. Ndipo mwaona kuti omasulira oterewa sasowa mdani? Sindidamvepo munthu atabwerako n'kunena kuti andiuza kuti vuto ndine. Nthawi zonse wolakwa amakhala wina, ndipo kawirikawiri ndi amene alibe omuteteza.

Apa m'pamene pakubwera mawu a Jung amene adandithandiza koposa, mawu akuti mthunzi. Iye adati munthu aliyense ali ndi mbali imene safuna kuidziwa: nsanje yake, nkhanza zake, umbombo wake, mantha ake. Imeneyo ndiyo mthunzi wake. Munthu akaukana, mthunziwo sufa. Amayamba kuuona pa anthu ena. Wansanje amaona nsanje m'maso mwa aliyense, wakuba amagona atakumbatira nkhuku zake. Makolo athu adaziona kale izi pamene adati anyani amasekana zikundu. Ine mthunzi ndidauona ndi maso, m'nyumba mwathu momwe.

Titakhala miyezi ingapo ku Malawi, njala idatipana. Amalume aja adabwerera usiku kumudzi kuti akatape cimanga m'nkhokwe, ndipo sadabwere. Anthu a mfuti adawagwira. Sindichula kuti adali a mbali iti, pakuti mbali zonse ziwiri zidatenga ana a eni. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera kwawo, ndipo mu 1994 amalume adatulukira pamudzi, owonda, osalankhula zambiri. Adakwatira, adalima mbatata ya kacewere, adabereka ana. Masana adali munthu wofatsa kuposa onse. Koma usiku ankakuwa mpaka agalu a mudzi wonse kuuwa. Ankalota munthu ataima powolokera mtsinje, zovala zili nyowe, atagwira njinga, osanena kanthu.

Acibale adapita kukaombeza. Ula udagwa pa mayi wina wamasiye wokhala kumapeto kwa mudzi, amene ana ake onse adathera kunkhondo. Madzulo ena anyamata adasonkhana ndi zibonga pabwalo lathu. Ine ndidalipo, ndili ndi zaka ngati 16, ndipo ndisaname, magazi anga adali atatentha ngati a anzangawo. Ndinkafuna kulipsira amalume anga. Pamenepo amalume adatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo.

"Amayiwo musawakhudze. Munthu amene amandibwerera usiku ndikumudziwa. Ndidamuwombera ndine, powolokera mtsinje, ali ndi njinga yake. Adandilamula, inde, koma cala cidali canga."

Palibe adayankha. Zibonga zidatsika cimodzicimodzi, anyamata n'kumwazikana ngati sadabwere limodzi. Patapita masiku akuluakulu adafulula mowa n'kukathira nsembe patsinde pa mtengo, kupepesa munthu amene dzina lake palibe ankalidziwa. Amalume adapitanso kukalapa kwa wansembe. Kuyambira pamenepo, caka ciliconse thumba loyamba la mbatata linkapita kwa mayi wamasiye uja, mpaka tsiku limene tidakawaika m'manda. Malotowo sadatheretu. Nditakula ndidawafunsa amalume ngati munthu uja amabwerabe. Adati, "Amabwera, koma masiku ano amakhala pansi."

Kwa zaka zambiri ndinkalephera kuika pamodzi phewa limene lidandinyamula ndi cala cimene cidakoka mfuti. Ndinkafuna kusankha cimodzi. Tsiku lina ndinkati amalume ndi munthu wabwino amene adakakamizidwa, tsiku lina ndinkati ndi wakupha amene adandinamiza ndi kufatsa kwake. Iwo eni sadasankhe. Adanyamula zonse ziwiri mpaka imfa yawo, ndipo cifukwa cakuti adavomera kunyamula, mayi wosalakwa adafa ndi ukalamba pamphasa pake.

Ndikaganiza bwino ndimaona kuti nzeru imeneyi si ya ku Ulaya kokha. Taonani gule wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu a ku Malawi, Moçambique ndi Zambia. Pabwalo pamatuluka zilombo zoonetsa makhalidwe amene timadana nawo: kuledzera, dama, kunyada, ulesi, nkhanza. Timaziseka, timaziopa, amayi amazidzudzula m'nyimbo, kenaka zimabwerera kudambwe. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mipingo yanu siilola gule, ndipo sindikukuitanirani kubwalo. Ndikungoti taonani cimene makolo ankacita. Mudzi unkayang'ana zoipa zake masana, anthu onse akuona, popanda kuloza cala pakhomo la munthu. Mthunzi unkapatsidwa malo ake ndi nthawi yake.

Koma kodi mdima uli mwa anthu mokha? Funso la agogo lija silikhudza amalume kapena anyamata a zibonga. Likhudza dziko lenilenilo ndi Mwini wake. Mvula imene imakulitsa mbatata ku Tsangano ndi yomweyo imagumula milatho. Mu Malici 2023 namondwe Freddy adagwetsa mapiri kumwera kwa Malawi n'kukwirira anthu mazana ambiri, ana ndi akulu, oba ndi opemphera, osasankha. Walira mvula walira matope, adatero akale, ndipo sadanene kuti matopewo amagwera ocimwa okha.

Jung adalimbana ndi funso limeneli moyo wake wonse. Bambo ake adali mbusa wa mpingo, ndipo iye adakula akuona munthu wolalikira za Mulungu wacikondi koma mumtima akuvutika ndi cikayiko. Mu 1952, ali nkhalamba, adatulutsa buku lonena za Yobu, limene m'Cipwitikizi limachedwa Resposta a Jó. Nkhani ya Yobu mukuidziwa. Munthu wolungama adataya ziweto, ana ndi thanzi, ndipo Baibulo lomwe limanena kuti Mulungu adalola Satana kumuyesa ngakhale adalibe mlandu. Anzake atatu adabwera kudzamupepesa, koma m'malo mwake adamupanikiza kuti aulule chimo lake, pakuti kwa iwo tsoka silingagwere munthu popanda cifukwa. Yobu adakana kuvomera bodza. Potsiriza Mulungu adamuyankha m'kamvuluvulu, osamuuza cifukwa ca masautso ake, koma kumuonetsa kukula kwa cilengedwe, nyenyezi, nyanja ndi zilombo zoopsa. Kenaka adadzudzula anzake atatu aja kuti sadanene zoona, n'kuyamikira Yobu.

Jung adawerenga nkhaniyi n'kunena cinthu cimene cidakwiyitsa ambiri. Adati cithunzi ca Mulungu cimene cili mumtima wa munthu cili ndi mbali yowala ndi mbali yamdima, ndipo Yobu adaona mbali zonse ziwiri koma sadasiye cilungamo cake. Mnzake wapamtima, wansembe wacikatolika wa ku Mangalande dzina lake Victor White, adakana zimenezi. Iye adagwiritsa ciphunzitso ca mpingo cakuti Mulungu ndi wabwino kotheratu, ndipo coipa ndi kusowa kwa cabwino, monga mdima uli kusowa kwa kuwala. Jung, amene adaona nkhondo ziwiri zazikulu, adati coipa cimene cimapha anthu mamiliyoni sitingacichule kusowa cabe. Ubwenzi wawo udasweka pa nkhani imeneyi.

Ine sindiyenda ndi Jung mpaka kumapeto kwa msewu wake. Lamulungu ndimapita kuchalichi, ndipo amene ndimamupempherayo ndimamukhulupirira kuti ndi wabwino. Koma Yobu ndi Jung adandiphunzitsa cinthu cimodzi cimene sindidzacitaya. Pali masautso amene alibe mwini. Munthu amene sangathe kupirira zimenezi amasanduka mmodzi mwa anthu awiri. Mwina amasanduka mnzake wa Yobu, amene amauza wodwala kuti wacimwa. Mwina amasanduka wosaka mfiti, amene amauza wodwala kuti walodzedwa. Onse awiri akuthawa cinthu cimodzi, kuopa dziko limene mwana angadwale popanda wolakwa. Ndi mantha omveka, inenso ndili nawo. Koma mtengo wa mantha amenewa amalipira ndi nkhalamba za kumapeto kwa mudzi.

Ndisamupange Jung kukhala mneneri, pakuti nayenso adali ndi zikundu zake. Polemba za anthu a ku Africa, nthawi zambiri ankatiyesa anthu otsalira, ngati ana a mtundu wa anthu, monga ankaganizira azungu ambiri a nthawi ya atsamunda. Mu 1934, Hitler atatenga kale boma ku Jeremani, adalemba mawu osiyanitsa maganizo a Ayuda ndi a Ajeremani, mawu amene adapweteka anthu ambiri ndipo akudzudzulidwabe mpaka lero. Munthu amene adaphunzitsa dziko za mthunzi adalephera kuona wake pamene kudali kofunika. Zimenezi sizifafaniza zimene adapeza. Zikungotsimikiza kuti palibe amene amaona msana wake yekha.

Ndionjezenso cenjezo limodzi, cifukwa ndalandirapo mafoni oterewa. Ngati m'bale wanu akumva mawu omulamula kudzipweteka kapena kupweteka ena, ngati watha masiku osagona akuona zinthu zimene ena sakuziona, musamumange ndi zingwe, musamusiye kwa womasulira maloto. Pitani naye kucipatala. Jung adali dokotala, ndipo ankadziwa kuti madzi akuya aja amamwetsa ena, ena amawamiza.

Lacinayi la sabata lomwelo ndidamuimbira bambo uja pa nambala imene adaimbira. Adati mwana adamuyeza magazi, adamupeza ndi malungo, adalandira mankhwala ndipo wayamba kudya phala. Koma mawu ake adali olimbabe. Adati malungo ndi malungo, koma nanga malotowo?

Ndidamufunsa kuti, "Bambo, amayi anu alipo?"

Adati adamwalira iye ali wamng'ono.

"Adakulerani ndani?"

Adakhala kaye cete, kenaka adati, "Azakhali omwewo."

"Mudawaona liti komaliza?"

Adati patha zaka zitatu. Adakangana pa nkhani ya dimba la kumtsinje, ndipo cicokere tsiku limenelo sadapondeko, ngakhale adamva kuti maso awo ayamba kucita khungu.

"M'malotomo nkhope yawo imaoneka bwanji? Yaukali?"

"Ayi. Amangondipatsa, ngati kale ndili mwana."

Ndidamuuza kuti ine si womasulira maloto ndipo sindilandira kanthu. Ndidati, "Mayi amene adakudyetsani muli wamasiye wabwera katatu m'tulo mwanu atanyamula cakudya, pa nthawi imene inu mukuopa kutaya mwana wanu. Mwina akukulodzani, monga mukunenera. Mwinanso mtima wanu ukukukumbutsani kuti pali munthu amene adakucitirani zimene inu mukucitira mwanayo, ndipo lero akudya yekha. Musanatenge anyamata, pitani nokha masana, mukakhale pansi." Ndidamukambiranso za amalume anga. Sadayankhe kanthu. Adangoti zikomo, n'kudula.

Padapita masabata atatu. Tsiku lina ndili m'situdiyo, uthenga udalowa pafoni ya pulogalamu. Udati: "Ndinapita. Ndinawatengera shuga ndi sopo. Za dimba sitinagwirizanebe."

Kuyambira nthawi imeneyo ndidasintha kafunsidwe kanga pawailesi. Munthu akafotokoza maloto ake, omvera amathamangira kufunsa kuti akuloza ndani. Ine ndimayamba ndi kufunsa kuti malotowo akumupempha iyeyo kucita ciyani. Funsoli ndidaphunzira kwa agogo ndisanamve dzina la Jung. Iwo adaona madzi ofiira akutsika m'phiri la Domwe, ndipo m'mudzi mudali anthu ambiri amene akadatha kuwaloza cala. Sadachule dzina la munthu. Adatenga nsalu, adamanga ufa, mcere ndi nyemba, n'kutiuza kuti tigone titavala.